Mano Oyezera Dongo

Akazi anga amaluma miyala. Ndanena poyera kuti wofuna kuseka asekeretu, akamaliza tikambe. Sameza ayi, ndipo mukayerekeza kuwauza kuti amadya dothi mudzaona zakuda. Amabenthula kachidutswa kochepa ngati njere ya mpunga, n'kukaika pakati pa mano akutsogolo, n'kutsinzina. Nsagwada zimayenda pang'onopang'ono ngati za mbuzi yokhuta. Kenako amalavula n'kunena kuti, "Dongo," kapena, "Muli kamchenga."

Imeneyo ndi ntchito, ndipo anaiphunzira mpaka mabuku anawagonjera. Ku yunivesite kumene amafufuza za pansi pa nthaka, pamaso amawatchula kuti Dokotala, koma kumbali aliyense amati aNadothi, ndipo iwo amayankha bwinobwino. Ine ndine telala. Takhala limodzi mpaka imvi zatipeza, ndipo nkhani ndikufuna kukambayi ndi ya chaka chimene dokotala wa mano anagamula kuti mano awo akutsogolo azulidwe.

Tinadziwana chifukwa cha matumba. Tsiku lina m'shopu mwanga munalowa mtsikana wamtali, atavala nsapato zonga za msilikali, m'manja atanyamula ovolosi yomwe matumba ake onse anali atabooka.

"Atelala, matumba awa mundisokere ndi nsalu yolimba. Ya tenti ngati muli nayo."

"Mumaikamo chiyani, achemwali? Njerwa?"

"Nthawi zina."

Ndinapisa dzanja m'thumba limodzi lomwe linali litabooka pang'ono chabe, ndipo ndinatulutsa chibuma chotuwa. Ndimati ndichiponye m'bini, mtsikana uja anandigwira mkono.

"Ee, ee, ee! Chimenecho ndakwera nacho phiri!"

Anachilanda, anachiyang'ana ngati mwana wotayika amene wapezeka, anabenthula pakona n'kuluma, maso atatsinzina. Ine ndinangoima kukamwa yasa, sizasi ili m'manja. Ndinali nditaona atsikana ambiri okongola m'shopu imeneyo, koma woluma chibuma anali woyamba, ndipo mtima wanga sunakhalenso m'malo. Matumba ndinasokadi ndi nsalu ya tenti, koma miyala ndi miyala, inaboolanso. Anabweranso. Inaboolanso. Ine pandekha ndinali wamanyazi, miyala ndiyo inandifunsirira.

Titangokwatirana, amayi anga anabwera kudzacheza. M'mawa wina anasuzumira pawindo n'kuona mpongozi wawo atagwada kuseri kwa nyumba, pamene anthu ankakumba ngalande, akuluma dothi mosangalala. Amayi anachoka pawindo. Anavala nsapato, ulendo wa kumsika, n'kubwerako ndi ulusi wolukira. Pofika madzulo abale onse anali atamva, ndipo ine anandikokera pambali.

"Iwe, ndiwe mwana wanji wobisira amayi ako nkhani yabwino?"

"Nkhani iti, amayi?"

"Mkazi akayamba kulakalaka dothi, ife akuluakulu timadziwa."

Ndinafotokoza za yunivesite, za kafukufuku, za miyala. Amayi anandiyang'ana momvera chisoni. "Khala chete, amuna mumadziwa chiyani?" anatero. Kuyambira pamenepo mpongozi analetsedwa kunyamula ndowa, kuwerama, ngakhale kuthamangira basi. Tsiku lina amayi anabwera ndi mphatso m'beseni, atavundikira ndi kansalu. Linali dothi losankhidwa bwino. Akazi anga anathokoza ndi manja awiri, analuma, nkhope yawo inawala.

"Amayi, ili ndiye dongo lenileni! Mwalitenga kuti?"

Amayi anavina pakhonde. Miyezi inadutsa, mimba ili phwa, masokosi oluka akuunjikana m'kabati. Mwana wathu wamkazi anabadwa patapita zaka, masokosi aja njenjete zitadya kale, koma mpaka tsiku lomwalira amayi ankauza anthu kuti mdzukulu wawo anakhalitsa m'mimba kuposa mwana wa njovu.

Ntchito yeniyeniyo ndinakaiona ndi maso anga. Kuseri kwa labotale yawo ku yunivesite kuli shedi yaitali ya malata, yotentha masana ngati uvuni, yodzaza mabokosi athabwa mpaka kudenga. M'mabokosimo mumagona miyala yobulungira, yaitali ngati mipini ya makasu, imene makina oboolera amatulutsa pansi pa nthaka. Amaindandalika motsatana, woyamba kutuluka ndi wapamwamba, womaliza ndi wapansi penipeni, kotero kuti ukamayenda m'mbali mwa tebulo umakhala ukutsikira pansi pa dziko nsapato zili zouma.

Akazi anga anandifotokozera ngati mwana, ndipo inenso ndikufotokozerani choncho. Pamwamba pali mchenga, ndipo mu mchengamo ndi mmene mumakhala madzi abwino amene zitsime za m'tauni mwathu zimatunga. Pansi kwambiri pali mwala wakuda, wosendeka ngati mapepala onyowa. Umenewo unali matope a pansi pa nyanja ina imene inauma kusanabadwe munthu, ndipo tizilombo tofera m'matopemo tinasanduka gasi. Anthu ena akufuna kuboola kuti atulutse gasiyo. Funso limene akazi anga akhala nalo moyo wawo wonse ndi lakuti pakati pa madzi athu akumwa ndi mwala wakudawo pali chiyani. Pakakhala dongo lochindikala, limatseka, gasi ndi madzi amchere a pansi sizikwera. Pakakhala kamchenga kosalala kosakanikira, zimadutsa pang'onopang'ono. Vuto lake, diso silisiyanitsa dongo ndi kamchenga kotero, ngakhale utayang'ana ndi galasi lokulitsa. Mano amasiyanitsa. Dongo limaterera, kamchenga kamakhakhala.

"Ndiye makina onse ali mu labotalewo ndi a chiyani?" ndinafunsa.

"Makina amayeza bwino kundiposa, sindikana," anatero. "Koma uyambe wapera, uyambe wadikira pamzere. Mano amandiyankha ndili pomwepo. Komanso, atelala, nyanja imene palibe munthu anaiona, ine ndimaimva m'kamwa. Makina angandipatse zimenezo?"

Kunyumba nako ntchitoyo sinkatisiya. M'firiji mwathu, pafupi ndi mkaka, munkakhala mabotolo a madzi a m'zitsime zakuya, oimikidwa chozondoka kuti gasi wosungunuka m'madzimo asathawire pachitsekero. Mlendo aliyense tinkamuchenjeza asanakhale n'komwe pampando. Mlamu wanga wina sanamvere, anagugudiza botolo limodzi masana otentha, ndipo mpaka lero amati sanalawepo mchere wotero. Mwini botolo sanamulankhule mpaka mvula inagwa.

Choncho mukuona kuti mano amenewo sanali mano wamba.

Zinayamba mwakachetechete. Ndinaona kuti akazi anga buledi akumunyenya tizidutswa. Kenako nyama anayamba kundipatsira ine, ati andikonda. Poseka ankaphimba pakamwa. Tsiku lina ndinawapezerera pagalasi akugwedeza dzino ndi chala, ndipo linkavomera ngati mpanda wakale. Ndinawakokera kwa dokotala wa mano, bambo wamfupi wa magalasi okhuthala. Anawagoneka pampando wake uja, anayatsa nyale, n'kusuzumira m'kamwa.

"Mayi, mumatsegula mabotolo ndi mano?"

"Ayi."

"Mumakukuta mano kutulo?"

"Ayi."

"Nanga mano awa atha bwanji chonchi ngati wina anawapala ndi tupa?"

"Amaluma miyala, adokotala," ndinayankha ine ndili pakona.

Dokotala anaseka chikhakhali. Ataona kuti akuseka yekha, anasiya. Akazi anga anadzuka, anatsegula kachikwama kawo ka m'manja, anatulutsa kamwala kotuwa pakati pa mpango ndi makiyi, n'kumuonetsa mmene amachitira. Bamboyo anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso.

Chigamulo chake sichinali choseketsa. Kutha kwa mano sikunali vuto lalikulu. Vuto linali chiseyeye, chimene chinali chitadya nkhama ndi fupa logwira mizu, ndipo mkati munali mutayamba mafinya. Mano akutsogolo am'mwamba ndi am'munsi anayenera kuzulidwa msanga.

"Musadandaule, mayi," anatero. "Tikupatsani oikirira, oyera mbee. Mudzaoneka ngati mtsikana."

"Amamva?"

"Kumva chiyani?"

"Kamchenga."

Dokotala anakanda pamutu. "Ayi, mayi. Dzino lenileni lili ndi mitsempha kumuzu, n'chifukwa chake mumamva ngakhale tsitsi likalowa m'kamwa. Loikirira ndi pulasitiki basi."

Akazi anga anatseka kachikwama kuti tswa. "Ndiye adikire," anatero.

Chimene ankafuna kuti mano adikire ndinkachidziwa. Kunja kwa tauni, kuseri kwa bwalo la mpira, makina anali akuboola dzenje lakuya kuposa onse amene anagwirapo ntchito, dzenje limene akazi anga analipempha kwa zaka zambiri. Linali litadutsa kale mchenga wa madzi akumwa, likulunjika pamalo aja apakati, pamene funso lawo lonse linagona.

"Ndilumepo kamodzi kokha," ankatero. "Kenako azule ngakhale onse, ndi lilime lomwe."

Ndinavomera, poti mkulu wa oboola, chimunthu cha mawu ngati bingu, anali atalonjeza kuti kwatsala pang'ono. Koma makina anamva kuti tikuwadikira. Chitsulo china chinathyokera pansi, china cholowa m'malo mwake chinali chikubwera kuchokera kutali, ndipo chinkabwera ngati chikuyenda wapansi. Tsaya la akazi anga linayamba kutupa. Poyamba linali ngati abisamo switi, kenako dzira. Anakulunga mpango m'khosi mpaka kumphuno n'kuuza ophunzira awo kuti ndi fashoni. Ophunzira aakazi awiri anatengera.

M'mawa wina ndinawapeza patebulo akunjenjemera, thukuta lili kamukamu, tiyi akulephera kumwa. Pamenepo mtima unandipsa, ndipo sindine munthu wopsa mtima kawirikawiri.

"Zengerezu analinda kwawukwawu, mayi. Lero tikupita."

"Chitsulo chifika mawa."

"Chakhala chikufika mawa kuyambira liti? Dokotala ananena kuti mafinya amenewo akalowa m'magazi, basi. Ine ndikuopa. Mwamva? Ndikuopa!"

Anandiyang'ana ndi diso limodzi, poti linalo linali litayamba kutsekeka.

"Atelala, atakudulani zala n'kukupatsani zapulasitiki zokongola, mungaseke?"

Ndinayang'ana zala zanga. "Sindingaseke," ndinatero. "Ndingalire mokweza, msewu wonse umve. Koma inu mukanandinyamula n'kupita nane, ndikulira choncho."

Kenako anati, "Itanani takisi. Koma idzere kudzenje."

Takisi inadzeradi kudzenje. Makina anali zii, oboola atakhala pamthunzi akusewera makadi. Mkulu wawo anangotambasula manja. Akazi anga anatsika, anayang'ana chinsanja chachitsulocho kuyambira pansi mpaka pamwamba ngati munthu woyang'ana mnzake amene wamugwiritsa fuwa la moto. Pobwerera kugalimoto anawerama m'mphepete mwa msewu, anatola kachibuma, anakaika pamano ogwedera aja n'kutsinzina.

"Muli kamchenga," anatero, n'kulavula. "Dothi wamba la m'mbali mwa msewu. Kutsanzikana kwake ndi kumeneku?"

Woyendetsa takisi anandiyang'ana pagalasi. Ndinamuuza kuti ayendetse galimoto.

Mano anazulidwa, kutupa kunaphwa, thupi linazizira. Masabata otsatirawo m'nyumba mwathu munali chisangalalo cha mtundu wake, chifukwa mawu ankathawira pampata paja. Akafuna kundikalipira pankatuluka likhweru. Ndinkayesetsa kusaseka, iwo n'kuyamba kuseka okha, likhweru n'kuwonjezeka, mpaka galu wa aneba ankabwera pakhomo kudzafunsa amene wamuitana. Kenako mano oikirira anafika, oyera, ondandalikana ngati mabatani a malaya atsopano. Anaima pagalasi nthawi yaitali akumwetulira mbali iyi ndi iyo.

"Atelala, samalani," anatero. "Anyamata ayamba kundiimitsa panjira."

Anzawo a kutchalitchi anawayamikira. Mwana wathu anaimba foni n'kupempha chithunzi. Akazi anga analuma apozi pamaso panga modzionetsera. Ine ndinapuma, ndimaganiza kuti nkhani yatha bwino.

Chitsulo chija chinafika. Makina analira usana ndi usiku, ndipo Loweruka lina masana mkulu wa oboola anaimba foni, mawu ake akumveka mpaka kukhitchini: mabokosi afika kushedi. Akazi anga anavala ovolosi mofulumira mpaka anaphonya batani. Anandiuza kuti ndiwaperekeze.

M'shedi munalibe munthu. Mabokosi atsopano anali atandandalikidwa patebulo, akununkha matope onyowa. Anayenda m'mbali mwake akutsikira pansi pa dziko, kudutsa mchenga wachikasu, kudutsa timiyala, mpaka anaima pamene mwala unasanduka wotuwa ngati phulusa. Anawaza madzi, anayang'ana ndi galasi, anakanda ndi kampeni. Kenako anabenthula kachidutswa, anakaika pakati pa mano atsopano aja, n'kutsinzina.

Nsagwada zinayenda. Zinayendabe. Ndinadikira mawu amodzi aja, koma sanabwere.

Anatsegula maso. "Palibe," anatero. "Ngati ndikuluma ndi mano a munthu wina."

Anayesanso pambali, anayesa ndi lilime, anayesa ndi mano a kumapeto amene anatsala, koma amenewo ndi opera chimanga, sadziwa kanthu. Anakhala pabokosi lopanda kanthu, manja ali pamaondo.

"Makina ayeza Lolemba," anatero ndi mawu otsika. "Yankho lituluka, lolondola kuposa langa. Tauni sitaya kanthu. Yunivesite sitaya kanthu." Misozi inatsika n'kudutsa pamwamba pa mano okongola aja. "Ndinkangofuna ndilimve ndekha."

Chisoni chinandigwira, cholemera kuposa tsiku la kutupa lija. Ndinayang'ana mwala wotuwa uja, ndinayang'ana iwo. Kenako ndinabenthula chidutswa n'kuchiponya m'kamwa.

Chinali chachikulu, ndipo ndinachiponya mwamphamvu. Chinadutsa mano, chinadutsa lilime, ulendo wa kummero. Ndinatsokomola, maso ali tong'o.

Akazi anga anadzutsa mutu. "Mwatani?"

"Ndameza."

"Mwameza? Mwameza mwala umene ndaudikira zaka zonsezi?"

"Wadutsa wokha."

Anandiyang'ana, misozi ikadali m'masaya. Kenako mapewa awo anayamba kugwedezeka. Kuseka kunawagwira mpaka anatchinga pakamwa ndi dzanja kuti mano asagwe. Atapuma anaimirira, anapukuta m'maso ndi mkono wa ovolosi, ndipo mawu amene anatuluka anali a mphunzitsi.

"Bwerani kuno. Kochepa, ngati njere ya mpunga. Mano akutsogolo, osati a kumapeto, si mtedza umenewu. Tsinzinani. Musatafune, pekesani pang'onopang'ono. Mukumva chiyani?"

"Kuzizira."

"Zimenezo ayi."

"Kafungo ka mvula."

"Atelala! Pamano. Pamano mukumva chiyani?"

Ndinadekha. Kanthu kaja kanasungunuka pang'onopang'ono pakati pa mano anga, ndipo ndinamva.

"Kakuterera," ndinatero. "Ngati nsalu ya silika ukaipekesa pakati pa zala."

Nditatsegula diso limodzi ndinaona kuti nawonso atsinzina, nsagwada zawo zikuyenda pang'onopang'ono pamodzi ndi zanga.

"Paliponse?" anafunsa monong'ona. "Palibe pokhakhala?"

"Palibe."

"Hm. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Lavulani, tsukani m'kamwa." Anabwerera kumtunda kwa tebulo, anabenthula kwina osandionetsa. "Nanga aka?"

"Aka ndi khaki watsopano. Kakukanda."

Anakuwa mpaka malata anayankha. Anandigwira makutu onse awiri ngati chikho n'kundipsompsona pamphumi, chinthu chimene sanachitepo kunja kwa nyumba. Kenako anandikoka mkono kubwerera pamwala wotuwa uja, ndipo tinayamba kutsika nawo, bokosi ndi bokosi. Iwo ankabenthula, ine ndinkaluma. "Silika." Ankadumpha ngati kamtsikana. "Silika." Ankawomba m'manja. "Silika, koma wotchipa." Ankandimenya paphewa n'kundiuza ndilumenso, ndisachite chibwana ndi madzi a anthu. Pena ndinkasokoneza, iwo n'kundikalipira kuti ophunzira a chaka choyamba amandiposa. Pena ankandifunsa mafunso ambirimbiri, kuti kakuterera bwanji, msanga kapena mochedwa, ngati sopo kapena ngati batala, ndipo ndikamayankha ankamvetsera ndi nkhope ya munthu amene akumva nkhani za kwawo.

Mkulu wa oboola analowa ndi bokosi lomaliza paphewa. Anapeza telala wa imvi ataima njo, maso otsinzina, milomo ili yotuwa ndi matope, ndipo Dokotala wa yunivesite atamugwira chibwano akumufunsa ngati ndi sopo kapena batala. Anatsitsa bokosilo mwakachetechete n'kutuluka chobwerera m'mbuyo.

Tinatuluka m'shedimo dzuwa litapendeka, lilime langa lili ngati chiguduli. Panjira anandigwira mkono ngati tili pachibwenzi, akulankhula osapuma za dongo lochindikala, za mmene Lolemba makina adzanditsutsire kapena kundivomereza, ndi za mabokosi ena akale amene akufuna kuti ndikawaonenso. Ndinafunsa kuti akalewo ndi angati. Anati ndisadandaule, shedi ndi imodzi yokha.

Lolemba m'mawa ndinali m'shopu, ndikumaliza kupinda thalauza la kasitomala. Ndinamanga mfundo, ndinakweza ulusi kukamwa kuti ndiudule monga ndachitira kuyambira ndili wophunzira. Sindinadziwe kuti akazi anga aima pakhomo, ali pa ulendo wa kulabotale.

"Atelala!" anakuwa, mpaka kasitomala anadzidzimuka. "Sizasi ili apo. Mano amenewo si anu nokha."

Ndinatsitsa ulusi uja n'kutenga sizasi.